Kuyesa kuganiza mozama m'zimangirizo za Chingerezi: chitsanzo cha ku Bindura

Tauni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central m'dziko la Zimbabwe, inakula chifukwa cha migodi monga wa Trojan ndi wa Freda Rebecca. M'makomboni a migodi ya m'derali munakhazikika mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ena mwa ana a mabanjawa amamva Chichewa pakhomo, amayankhula Chishona posewera, koma mayeso a bungwe la ZIMSEC amalemba m'Chingerezi pamaphunziro ambiri.

Malamulo oyendetsera dzikoli a m'chaka cha 2013 anavomereza ziyankhulo 16, kuphatikizapo Chichewa. Komabe wophunzira amene walephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4 amavutika kupeza malo kukoleji.

Vuto la wochonga chimangirizo n'lakuti ziganizo zosalala zimabisa kusowa kwa mfundo, pomwe galamala yothyoka imaphimba nzeru. Mwana woloweza mawu okometsera angathe kupambana mnzake amene wafotokoza bwino, ngakhale m'Chingerezi chopunduka, chifukwa chimene mabanja amagwera m'ngongole mgodi ukatsekedwa.

Katswiri wa zamaphunziro Jim Cummins anasiyanitsa m'chaka cha 1979 chiyankhulo chochezera ndi chiyankhulo chophunzirira. Kafukufuku wake ku Canada anasonyeza kuti choyambacho mwana amachidziwa m'zaka ziwiri, koma chachiwiricho chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalimbikitsa kugawa malikisi pawiri, ena achiyankhulo ndi ena amaganizo. Poyesa maganizo, wochonga amaona zinthu zinayi: ngati wolemba wanena poyera mbali imene waima, ngati wapereka umboni, ngati wasiyanitsa zoona zake ndi mphekesera, ndiponso ngati walingalira za otsutsa n'kuwayankha. Amalangizanso kuti mutu ukhale pankhani imene ophunzira akuidziwa, kuti aloledwe kukambirana mfundo m'chiyankhulo chawo asanalembe, komanso kuti anthu awiri achonge pepala limodzi payekhapayekha.

Njirayi ili ndi malire. Imafuna nthawi yochuluka, yomwe mphunzitsi wa kalasi yodzaza alibe, ndipo Chingerezi chikasokonekera kwambiri mfundo siioneka n'komwe.

Nkhaniyi imakhudzanso maphunziro asayansi, popeza nawonso amayankhidwa m'ziganizo. Aphunzitsi ambiri a maphunzirowa amasulidwa pasukulu yaukachenjede ya Bindura University of Science Education, yomwe inaima payokha m'chaka cha 2000.