NCWALA: MBIRI YA MWAMBO WA KUTHOKOZA

Pakati pa miyambo imene Angoni anabwera nayo pocokera kumwera, waukulu ndiwo wa Ncwala, mwambo wothokoza cifukwa ca zakudya zoyamba kuca m'munda. Tiyeni tione mbiri yace, pakuti muli phunziro lotithandiza ife tonse.

Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi m'mwezi wa November, caka ca 1835, motsogozedwa ndi mfumu yao Zwangendaba. Tsiku limenelo kunacita kadamsana, dzuwa linada usana. Atamwalira Zwangendaba mtunduwo unagawikana, ndipo gulu la mwana wace Mpezeni linayendayenda zaka zambiri kufikira linakhazikika m'dziko lozungulira Chipata, kum'mawa kwa Zambia. M'maulendo onsewo anasiya manda a abale ao m'maiko acilendo, koma Ncwala sanaisiye.

Lamulo lace linali lotere: munthu asadye cakudya catsopano mfumu isanalawe. Tsiku la mwambo likafika, anthu ankabwera ndi cimanga caciwisi, maungu ndi misale. Mfumu inkalawa, nithokoza Mulungu ndi mizimu ya makolo cifukwa ca mvula. Ankalasa ng'ombe yamphongo yakuda, ndipo amuna ankabvina ngoma atanyamula zishango ndi zibonga. Zitatha izi, aliyense anali womasuka kudya za m'munda mwace.

Tsono taganizani za nyengo imene mwambowu umacitika. February ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, ufa ukutha m'lichero, ndipo cimanga cambiri cisanakhwime. Angoni sankadikira kuti nkhokwe idzale ndipo athokoze. Ankathokoza cifukwa ca dzungu loyamba ndi cinsononkho coyamba. Potero munthu wanjala ankaleka kuyang'ana nkhokwe yopanda kanthu, nayamba kuyang'ana munda wobiriwira, ndipo mtima wace unkalimba.

M'caka ca 1898 kunagwa tsoka. Asilikali a Angerezi anacita nkhondo ndi Angoni a Mpezeni nawagonjetsa. Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa ndi mfuti, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Kuyambira pamenepo Ncwala inaleka. Panapita zaka zoposa 80, ana nabadwa, nakalamba osauona mwambowo. Koma nkhalamba zinapitiriza kusimbira adzukulu ao, kotero kuti m'caka ca 1980 Mpezeni III anaudzutsanso. Masiku ano anthu miyandamiyanda amasonkhana ku Mtenguleni kumapeto kwa February caka ndi caka.

Kodi mtundu umene unalandidwa cuma cotere unasungiranji mwambo wothokoza? Yankho lace nlakuti kuthokoza si nchito ya olemera okha. Ndi mankhwala a mtima wosweka. Munthu wowerenga zosowa zace zokha amagona ndi nkhawa, nadzuka ndi nkhope yakugwa. Ana amamuopa ndipo anansi amamulambalala. Koma wowerenga zimene walandira amapeza mphamvu yogwiranso khasu.

Abale anga, sitingapite tonse ku Mtenguleni, ndiponso tsiku limodzi pa caka silikwanira. Ncwala yaing'ono ingacitike pakhomo pathu tsiku ndi tsiku. Musanateme mbamu ya nsima, kumbukani amene analima, amene anasinja ndi amene anaphika, ndipo muwathokoze ndi pakamwa, iwo akumva. Mnansi akakubwerekani nkhwangwa, poibweza muombe m'manja monga anatiphunzitsa makolo. Ndipo inu amene mwaphunzira kulemba tsopano, tengani pensulo madzulo mulembe zinthu ziwiri kapena zitatu zokoma zimene mwaona tsikulo, cingakhale camcere ca mnzanu kapena mwana amene wacira malungo. Pakutha pa mwezi mudzaziwerengenso, ndipo mudzazizwa poona kuculuka kwace.

Makolo aja anathokoza m'mwezi wa njala. Nafenso tisadikire kukhuta.