Chuku

Mayi wosankha mtedza palichero ku Area 4 mu Lilongwe akati "wachita chuku", amanena kaufa kobiriwira komera pa njere zosungidwa zisanaume. Lero mawuwa asenzanso katundu wina: alangizi a zaulimi amati chuku ponena za aflatoxin, poizoni wochokera m'kaufako, yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi. Vuto lake, chuku chimaoneka koma poizoniyo saoneka, ndipo kukazinga sikumuthetsa.

Mtedza wa Chalimbana, womwe ADMARC inkatumiza ku Ulaya, unataya msika mwa zina chifukwa cha poizoniyu. Chondiwawa n'chakuti ogula akunja amatenga wosankhidwa, pomwe wonyala ndi wosweka umatsala kuno n'kusinjidwa. Musanagule nsinjiro kumsika, funsani za mtedza wake.