Kuyesa Ophunzira a Maphunziro Apatali ku Malawi

Kuyesa ophunzira a maphunziro apatali ndi njira zimene koleji imatsata pofuna kudziwa ngati munthu wophunzira ali kwawo wamvetsa maphunziro ake, komanso ngati ntchito imene wapereka walembadi yekha. Ku Malawi maphunziro otere amadziwika ndi dzina lakuti ODL. Wophunzira amalandira mabuku kapena maphunziro a pa intaneti, amawerenga payekha, ndipo amapita kukoleji mwa apo ndi apo kukakumana ndi aphunzitsi ndi kukalemba mayeso.

Mbiri yake

Maphunziro apatali anayamba kuno mu 1965 ndi Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inasanduka Malawi College of Distance Education. Nthawi imeneyo wophunzira ankatumiza ntchito yake papositi, ndipo inkabwerera itachongedwa patapita masabata.

Mu 1994 boma linachotsa fizi kupulayimale, ana anadzaza m'makalasi, ndipo linalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa kukoleji. Pofuna kuwasula, mu 1997 linayambitsa ndondomeko ya MIITEP. Aphunzitsiwa ankakhala kukoleji miyezi itatu, kenako n'kubwerera kusukulu zawo kukaphunzitsa kwinaku akuwerenga mabuku ndi kulemba ntchito, asanabwererenso kukalemba mayeso a MANEB. Imodzi mwa makoleji amene ankachita zimenezi inali St Joseph's ya ku Bembeke m'boma la Dedza. Domasi College of Education inayamba dipuloma ya aphunzitsi a kusekondale m'njira yomweyi mu 2000, ndipo pambuyo pake Mzuzu University ndi LUANAR zinatsegulanso maphunziro a ODL. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, makoleji ambiri anayesa kuphunzitsa kudzera pa Moodle, Zoom ndi WhatsApp.

Njira zoyesera

Njira yoyamba ndi asayimenti, ntchito zimene wophunzira amalemba kunyumba n'kutumiza tsiku loikika lisanadutse. Phindu lake lagona pa ndemanga za wochonga, chifukwa kwa munthu amene saonana ndi mphunzitsi, ndemangazo ndizo zimamuuza pamene wasokera. Zikafika mochedwa, amakalowa m'chipinda cha mayeso asakudziwa zimene analakwitsa.

Yachiwiri ndi timayeso tachidule ta pa intaneti, timene kompyuta imachonga yokha n'kupereka malikisi nthawi yomweyo. Timathandiza kuona ngati munthu akukumbukira mfundo, koma sitionetsa bwino ngati angathe kufotokoza nkhani m'mawu akeake.

Yachitatu ndi mayeso omaliza, olemba pamaso pa oyang'anira, kukoleji kapena kumalo ena amene koleji yasankha. Wolemba amaonetsa chiphaso, amasiya foni ndi chikwama, n'kukhala pampando wake. Kawirikawiri mayesowa ndiwo amatenga gawo lalikulu la malikisi.

Yachinayi ndi kuyesa ntchito yeniyeni. Mphunzitsi wophunzira ntchito amayenderedwa kusukulu kwake. Woyendera amakhala kumbuyo kwa kalasi, amayang'ana pulani ya phunziro, kalembedwe ka pabolodi, kafunsidwe ka mafunso, ndi kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zapafupi monga zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera. Phunziro likatha, awiriwo amakhala pansi n'kukambirana zimene zayenda bwino ndi zofunika kukonza.

Kumadera ngati Chongoni

Chongoni ndi dera la mapiri ndi nkhalango m'boma la Dedza, lotchuka ndi zojambula zakale za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Wophunzira wa ODL wokhala kumudzi m'dera lotere amadalira foni, bandulo ndi netiweki imene pakati pa mapiri imabwera n'kuthawa. Kumene kulibe magetsi, amatchaja foni pa sola kapena pamsika. Wopanda laputopu amalemba asayimenti pamanja, n'kuijambula ndi foni tsamba ndi tsamba, kapena kukataipitsa kuboma. Mayeso a pa intaneti a nthawi yoikika amamulanga pa chifukwa chosakhudza nzeru zake: netiweki ikaduka, nthawi imangotha. N'chifukwa chake kupereka masiku angapo otumizira ntchito, ndi kulola mafayilo ang'onoang'ono, kumathandiza kuti mayeso akhale achilungamo kwa onse.

Ku Chongoni komweko kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo ntchito za nkhalango zimasonyeza polekezera pa mayeso apatali. Munthu akhoza kufotokoza papepala kafesedwe ka mbewu za paini kunazale, koma kuti adziwike ngati angathe kuyeza kukula kwa mtengo kapena kulambula njira yotchinga moto, ayenera kuonedwa akugwira ntchitoyo.

Kubera

Likasa si vuto la maphunziro apatali okha: mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo analembedwanso chaka chotsatira. Koma pamene wophunzira ali kutali, mipata imachuluka: kulembetsa asayimenti kwa wina, kukopera za pa intaneti, kugawana mayankho pagulu la WhatsApp, ndi kugwiritsa ntchito ChatGPT. Pothana nazo, aphunzitsi amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Turnitin, amafunsa wophunzira pakamwa za ntchito imene wapereka, kapena kupereka mafunso okhudza sukulu, munda kapena mudzi wake weniweni, amene mayankho ake sapezeka olembedwa kale.

Oyang'anira

Bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza makoleji ndi maphunziro awo. Amene akufuna kulembetsa ODL ayambe wafufuza ngati koleji ndi maphunzirowo ndi zovomerezeka, ndipo afunse kumene amalembera mayeso, popeza ndalama zoyendera ndi zogonera pa nthawi ya mayeso kawirikawiri zimatuluka m'thumba mwake.