Tinsomba ta m'zithaphwi za ku Golomoti: moyo ndi kaweteredwe kake

Mvula ikagwa m'chigwa cha kumunsi kwa mapiri a Dedza, kuchokera ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, madzi amaima m'madambo ndi m'maenje a m'mphepete mwa msewu wa M5. M'zithaphwi zina, ngakhale zosalumikizana ndi mtsinje uliwonse, mumapezeka tinsomba totalika pafupifupi masentimita 5. Tinsombati tili m'gulu la killifish, ndipo mtundu wa m'chigwachi, womwe umapezekanso ku Salima, ndi Nothobranchius wattersi.

Dzinali linaperekedwa mu 2013 ndi akatswiri anayi, mmodzi mwa iwo Mmalawi Enoch Ng'oma, polemekeza Brian Watters, yemwe wafufuza nsomba zamtunduwu kwa zaka zambiri. Kale mtunduwu unkawerengedwa pamodzi ndi Nothobranchius kirki wa ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, womwe unalembedwa mu 1969. Nsomba yaimuna imakhala ndi mamba obiriwira ngati mtambo okhala ndi m'mphepete mofiira, pomwe yaikazi ndi yotuwa.

Moyo wa dzinja limodzi

Nsombazi sizigwa ndi mvula ayi. Chinsinsi chake chili m'dothi. Zikakula zimaikira mazira m'matope a pansi pa chithaphwi pafupifupi tsiku lililonse. Madzi akaphwa, zazikulu zonse zimafa, koma mazira amatsala m'dothi lakuda lamakande, lomwe limasunga chinyontho ngakhale pamwamba patang'ambika. Mwana wa m'dziramo amayamba waleka kukula, n'kudikira chilimwe chonse. Mvula ikabwerera, mazira amaswa ndipo pakatha milungu yochepa ana amayamba kuikira awo.

Kufupika kwa moyoku n'komwe kwakopa asayansi. Mbale wake wa nsombazi, Nothobranchius furzeri wa ku Gonarezhou ku Zimbabwe ndi kumwera kwa Mozambique, amakalamba m'miyezi yowerengeka, choncho amagwiritsidwa ntchito pofufuza za ukalamba ku Jena m'dziko la Germany ndi kwina.

Kuweta m'nyumba

Thanki yagalasi ya malita 20 mpaka 30 imakwanira yaimuna imodzi ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu. Zazimuna ziwiri pamalo opanikizika zimamenyana. Zomera zam'madzi monga Java fern ndi Java moss zimapatsa zazikazi pobisala zikatopa ndi kuthamangitsidwa. Madzi akhale odekha, otentha madigiri 22 mpaka 26, ndipo gawo lina lizisinthidwa mlungu uliwonse. Madzi a pampopi ayambe achotsedwa klorini. Pamwamba pakhale chivindikiro chifukwa nsombazi zimalumpha.

Chakudya chake ndi tizilombo tamoyo, makamaka mphutsi za udzudzu ndi tinyongolotsi. Chakudya chouma cha m'sitolo nthawi zambiri zimachikana. Oweta ambiri amathiramo mchere pang'ono popewa matenda a velvet, omwe amaoneka ngati fumbi lachikasu pakhungu.

Pofuna mbewu, woweta amaika kambale ka ulusi wa makoko a kokonati pansi pa thanki kuti nsomba ziikiremo. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri amachotsa ulusiwo, kuufinya mpaka utsale wachinyezi chabe, n'kuusunga m'pepala lapulasitiki pamalo amdima kwa miyezi iwiri kapena inayi. Maso a ana akayamba kuoneka m'mazira, amathira madzi, ndipo mazirawo amaswa m'maola ochepa. Nsomba za madera osiyana siziyenera kusakanizidwa, kuopa kusokoneza mtundu.

Chiopsezo

Popeza mbadwo wonse wamawa umakhala m'dothi, chilichonse chosokoneza dambo chimaupha. Kukumba ngalande zochotsa madzi, kuumba njerwa, kutipula mozama ndi mankhwala a m'minda zingathe kufafaniza nsombazi pamalo m'chaka chimodzi, makamaka m'chigwa cha Bwanje momwe ulimi wa mpunga ukukula. Chithaphwi chikawonongeka, palibe mtsinje wobweretsamo zina.

Ofuna kugwira nsomba zamoyo n'cholinga chogulitsa kapena kutumiza kunja ayenera kupeza chilolezo ku nthambi yoona za usodzi, malinga ndi lamulo la zausodzi.