Soja atakula, nyimbo zinalemera

Sabata yatha mnzanga wina wa ku Area 25 ananditumizira nyimbo pa WhatsApp. Ndinangomvera pang'ono n'kuzimitsa. Phokoso lokhalokha, magitala akulira ngati chigayo cha dizilo cha pa Mitundu. Inali ya gulu la ku America lotchedwa Ministry. Chidwi chinandipeza, ndinafufuza mbiri yawo. Gululi linayamba ku Chicago mu 1981, mtsogoleri wake ndi Al Jourgensen, ndipo chimbale chawo choyamba cha mu 1983 chinali cha nyimbo zofewa, zovinira. Koma bamboyu atakula, pakati pa 2004 ndi 2007, anatulutsa zimbale zitatu zotsatizana zokalipira George W. Bush ndi nkhondo ya ku Iraq.

Ndinaseka ndekha. Ifenso tinali naye wathu wotere, ndipo zaka zake n'zomwezo.

Lucius Banda anabadwa mu 1970 ku Balaka. Kuimba anaphunzirira mu Alleluya Band, gulu lomwe linakulira pansi pa mpingo wa Katolika, pambali pa mkulu wake Paul Banda. Kwathu ku Likuni mayi anga ankasunga makaseti a Alleluya mu kabati ya mbale, pafupi ndi kolona. Kwa iwo zinali nyimbo za Mulungu, basi.

Koma Balaka yemweyo ndi kumene kunasindikizidwa kalata ya maepiskopi yomwe inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi 1992, yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu. Mayi amati tsiku limenelo anthu anatuluka m'tchalitchi osayang'anana. Kenako kunabwera referendamu ya pa 14 Juni 1993, chisankho cha pa 17 Meyi 1994, ndipo Lucius anatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man. Nyimbo ya Mabala inanena poyera zimene anthu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe kwa zaka 30. Anadzitcha soja wa amphawi, dzina linakhazikika.

Kunena zoona, kudzudzula boma lomwe lagwa kale sikovuta kwenikweni. Mayeso amabwera ukamadzudzula amene ali pampando. Evison Matafale wa ku Chileka anayesa mu nthawi ya Bakili Muluzi, anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula mtsogoleriyo, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi kuno ku Lilongwe mu Novembala 2001. Lucius nthawi imeneyo anali pafupi ndi UDF, ndipo mu 2004 anapambana ngati phungu wa chipanicho ku Balaka North.

Zinthu zinatembenuka Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP. Lucius ndiye anabweretsa m'nyumba ya malamulo nkhani ya ndondomeko yochotsera mtsogoleri pa udindo. Mu 2006 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa setifiketi ya sukulu, analowa ndende ku Zomba, mpando unapita. Anatuluka patatha miyezi yochepa atachita apilo. Chimbale chomwe chinatsatira anachitcha Cell 51 Maximum. Kuchokera pamenepo mawu ake analemera. Sanalinso mnyamata wolirira mabala akale, anali bambo woti walawa nsima ya kundende. Pofika 2010, MBC inasiya kuulutsa nyimbo zake.

Ine nyimbo zimenezo sindinazimvere pa wailesi ya boma ayi. Ndinazimvera mu minibasi ya malume anga yomwe inkayenda pakati pa Mitundu ndi tauni. Patchuthi cha 2011 ndinkawathandiza kuitanira. Chaka chimenecho mafuta anasowa, ndalama zakunja zinasowa, tinkagona pa mzere wa pa filing'i mpaka kucha. Usiku wina malume anakweza voliyumu, madalaivala ena n'kubwera kudzatsamira pa galimoto yathu. Palibe anavina. Ankangomvetsera ngati uthenga wa maliro.

Ndinawafunsa kuti, “Malume, kodi munthuyu si wa UDF? Akanakhala kuti chipani chake chikulamula, akanaimba zimenezi?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Iwe, mafuta alipo kapena palibe?”

“Palibe.”

“Ndiye wanama pati?”

Patangopita masiku ochepa, pa 20 Julayi, anthu anatuluka m'misewu, ndipo pafupifupi 20 anaphedwa m'mizinda yathu. Malume anaimika minibasi masiku atatu.

Funso langa lija silinathe, ndipo sindikufuna kulikwirira chifukwa chakuti mwini wake anatisiya. Lucius anabwereranso ku nyumba ya malamulo mu 2014, kenako anadzakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa nkhani za achinyamata ndi luso. Alipo ambiri amene amati soja akalowa m'nyumba ya mfumu, mfuti imachita dzimbiri. Sindingawatsutse kotheratu. Nyimbo zake zowawa kwambiri zinabwera pamene iye mwini anali panja pakuzizira. Koma yankho la malume nalonso ndalephera kuligwetsa. Amene anatsekeredwa panja ndi amene amadziwa kuti chitseko n'cholimba bwanji, ndipo usiku uja pa mzere wa mafuta panalibe wina wotiuza zimene tonse tinkaziona.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ife a mafoni. Lero palibe wailesi ingabise nyimbo, imangodutsa pa WhatsApp n'kufika ku Nathenje dzuwa lisanalowe. Njira ndi yotseguka kuposa kale. Nanga ndani mwa oimba athu otchuka angalole kutaya mgwirizano wa malonda kapena kuitanidwa ku misonkhano ya chipani chifukwa cha nyimbo imodzi?

Lucius anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, atadwala impso kwa nthawi yaitali. Tsiku lotsatira ndinawaimbira foni malume. Minibasi anagulitsa kalekale, pano amalima soya ndi mtedza kufupi ndi Nathenje. Ndinawatumizira nyimbo ya Ministry ija sabata yatha, ndi kuwafotokozera kuti awa ndi azungu okalipira boma lawo. Anandiyankha ndi uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka nkhuku.

“Akukalipa zoona, ndamva. Koma mawu ake sakumveka. Wathu uja ankafuna kuti amene akunenedwayo amve bwinobwino.”