Tremissis

Tremissis ndi kandalama ka golide, kolemera pafupifupi magalamu 1.3, kamene kankasulidwa mu ufumu wa a Frank, kumene lero kuli France ndi maiko oyandikana nalo. Poyamba a Frank ankangokopera ndalama za mfumu ya ku Constantinople, mpaka Theudebert I, yemwe anamwalira mu 548, anaika dzina lake pa ndalama zagolide. Kenako zambiri sizinkatchulanso mfumu, koma wosula ndi malo osulira, omwe amaposa 800. N'chifukwa chake osonkhanitsa ndalama zakale amayang'anitsitsa dzina la malo. M'kachikwama kopezeka ku Sutton Hoo, ku England, mu 1939 munali ndalamazi 37, iliyonse yochokera kwina. Golide ankacheperachepera m'ndalamazi, ndipo cha m'ma 670 siliva analowa m'malo mwake.