Maji: Mawu Omwe Ankati Amasungunula Zipolopolo

Kuno kwathu, tikamva kuti wakutiwakuti chipolopolo sichimulowa, timati ngokhwima, ndipo maganizo amathamangira ku mphini ndi zithumwa. Ku Tanzania mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku: maji, kutanthauza madzi m'Chiswahili.

Nkhaniyi inayambira ku Ngarambe, kufupi ndi mtsinje wa Rufiji, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani. Anthu anali atatopa ndi msonkho komanso kulimitsidwa thonje mokakamiza. Kinjikitile Ngwale, yemwe ankati wagwidwa ndi mzimu wa Hongo, anayamba kugawa madzi osakaniza ndi mafuta a nsatsi ndi mbewu za mapira. Wowazidwa madziwo ankauzidwa kuti chipolopolo chikafika pa iye chidzasanduka madzi. Mu Julayi 1905 anthu a ku Matumbi anazula thonje m'munda, nkhondo n'kubuka. Pothamangira adani ankafuula kuti "Maji! Maji!" ndipo dzina la nkhondoyo linachokera pamenepo.

Mankhwalawo anali ndi zizimba zake: osagona ndi mkazi, osaba. Choncho mnzako akagwa pambali pako, yankho linali lokonzeratu, akuti anadumpha mwambo. Ku Mahenge, mu Ogasiti chaka chomwecho, mfuti zachiwaya zinapulula anthu onyamula mikondo. Kinjikitile anali atanyongedwa kale, koma madzi ake ankayendabe mudzi ndi mudzi mpaka anafika kwa Angoni a ku Songea, dera lomwe Angoni a Maseko anakhalako asanabwerere ku Dedza ndi Ntcheu. Ine ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ya maji inali yomweyi: mitundu yosamvana zilankhulo inamenya nkhondo imodzi.

Bwanamkubwa wa Ajeremani, von Götzen, anayankha ndi moto. Asilikali ake anatentha minda ndi nkhokwe, ndipo pofika 1907 njala inali itapha anthu ochuluka kuposa mfuti.

Mawuwo sanafe nawo. Mu 1964 zigawenga za Simba ku Congo zinkalowa m'nkhondo zikufuula "Mai Mulele," kutanthauza madzi a Pierre Mulele, mmodzi mwa atsogoleri a zigawenga m'dzikolo. Lero magulu a Mai-Mai akadalipo kum'mawa kwa dzikolo, ndipo ena mwa iwo amawazanabe madzi asanapite kunkhondo. Ndi kum'mawa komweko, m'chigawo cha North Kivu, komwe asilikali a Malawi anatumizidwa mu 2013 pansi pa United Nations.